Lipoti la Tsiku Lopuma ndi Kukonza Boti pa Doko la Monkey Bay

Lipotili ndalilemba ngati woyendetsa boti la matanga limene linaima tsiku lathunthu pa doko la Monkey Bay, m'boma la Mangochi, pakati pa ulendo wa sabata imodzi m'nyengo ya mwera. Ndalilembera eni boti, amene anafunsa chifukwa chimene ulendo unachedwera ndi kufupikitsidwa, komanso anzanga oyendetsa maboti kum'mwera kwa nyanja ya Malawi. Tinalowa pa doko tikudandaula za injini, ndipo injiniyo inakonzeka nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Chimene chinadya tsiku lonse ndi waya wogwira mlongoti, amene palibe mmodzi wa ife anali atamuganizira, ndipo ndi pa wayayo pamene lipotili likhalitse.

Boti, anthu ndi njira

Botilo ndi la fibreglass, lotalika mamita 8, la mlongoti umodzi wa aluminiyamu ndi matanga awiri, lalikulu ndi lakutsogolo. Mlongoti umagwidwa ndi mawaya 6 a chitsulo chosachita dzimbiri: wina kutsogolo, wina kumbuyo, ndi awiriawiri m'mbali, wautali wofika kunsonga ndi waufupi wothera chapakati. Kumbuyo kwa boti kumapachikidwa injini yaing'ono yosakaniza petulo ndi oilo, imene ntchito yake ndi kutilowetsa ndi kutitulutsa m'madoko basi. M'botimo tinalimo anthu asanu: ine, wachiwiri wanga, mnyamata wophunzira ntchito, ndi alendo awiri ochokera ku Blantyre, bambo wina wachikulire ndi mwana wawo wamkazi.

Tinanyamukira ku Nkopola, n'kudutsa pafupi ndi chilumba cha Boadzulu, ndipo usiku woyamba tinagona ku Nkope. Tsiku lachiwiri tinawoloka kupita ku gombe la kum'mawa, chakufupi ndi Makanjira. Dongosolo linali lakuti tsiku lachitatu tiwolokenso kubwerera tsidya lino, tigone ku Monkey Bay, kenako tipite ku Chembe, ku zilumba za Maleri, n'kukatsirizira ku Senga Bay m'boma la Salima. M'dongosolo limenelo munalibe tsiku lopuma ngakhale limodzi, ndipo amene anavomera kuti zikhale choncho ndine.

Usiku wa kum'mawa uja unali woipa. Malo amene tinaponya nangula anali osatetezeka mokwanira, boti linagwedezeka usiku wonse, ndipo ine ndi wachiwiri wanga tinasinthana kudikira kuti nangula asakokeke, moti aliyense wa ife sanagone kupitirira maola atatu. Madzulo a tsiku lomwelo, kuli chisisira, ndinagula malita 10 a petulo kwa munthu wina wogulitsa m'zigubu pa gombe, ndipo ndinathira m'thanki osayamba ndamuika m'botolo loonekera kuti ndione ngati ali woyera. Ndinali wotopa, ndipo ndinafuna kuti ntchito ithe.

M'mawa mwake mwera unakula. Mphepo imeneyi imachokera kum'mwera chakum'mawa, imaomba kwambiri kuyambira mwezi wa Meyi kufikira cha mu Ogasiti, ndipo ikayamba imatha kukhala masiku angapo osaleka. Aliyense amene anawolokapo nyanjayi mwera uli pakati amadziwa kuti mafunde ake ndi aafupi, oimirira ndiponso otsatizana pafupipafupi, kotero kuti boti silikwera ndi kutsika mwaulemu koma limamenyetsedwa pansi funde lililonse. Njira yathu inali yolowera kum'mwera chakumadzulo, mphepo ikutimenya kumanzere, ndipo zimenezi zikutanthauza kuti kwa maola ambiri kulemera konse kwa matanga kunali pa mawaya akumanzere, pamene akumanja ankangolendewera n'kumagwedezeka. Thanga lalikulu tinalichepetsa kawiri. Cha m'ma 2 koloko masana, boti litamenyetsedwa pa funde lalikulu, mnyamata wophunzira uja, amene anakhala pafupi ndi mlongoti, anatembenuka n'kunena kuti, “Bambo, ndamva kanthu kakulira kuti thi! cha pa waya apa.” Ndinayang'ana m'mwamba, ndinaona mlongoti uli chilili, ndipo ndinamuyankha kuti mwina ndi mbale zagundana m'kati. Sindinapite kukagwira wayayo. Mawu a mnyamatayo ndinawakumbukira patapita maola 20.

Doko la Monkey Bay lazunguliridwa ndi mapiri, ndipo pakhomo pake pali chilumba cha Thumbi East. N'chifukwa chake limabisa bwino ku mwera, koma pa chifukwa chomwecho mphepo imaduka mwadzidzidzi boti likangolowa m'mthunzi wa mapiriwo. Pamenepo tinaliza injini. Inayenda mphindi zochepa, inatsokomola, n'kuzima, ndipo sinalirenso ngakhale tinakoka chingwe mpaka mapewa kuwawa. Tinalowa ndi thanga lakutsogolo lokha, kudalira timphepo totsika m'mapiri, mpaka tinaponya nangula dzuwa litalowa, patali ndi malo okocheza sitima komanso patali ndi dera la asilikali a pamadzi, limene maboti wamba sayandikira.

Chiganizo choima

Alendo anafuna kuti m'mawa tipitirire ku Chembe, ponena kuti ndi pafupi ndipo injini tikaikonzera kumeneko. Bambo aja anandifunsa mwaulemu kuti, “A Kaputeni, poti boti ndi la matanga, injiniyo ikutiletsa chiyani?” Funsolo linali loyenera, ndipo ndinawafotokozera kuti njira yaifupi yopita ku Chembe imadutsa pa Ilala Gap, mpata wopapatiza wa pakati pa chilumba cha Domwe ndi mtunda, pamene pali miyala ndipo mphepo imasinthasintha chifukwa cha mapiri. Boti lopanda injini likatheredwa mphepo pamenepo lilibe chodzipulumutsira. Kuzungulira kunja kwa Domwe n'kotheka, koma kukanatibwezera pa mafunde omwe aja ndi anthu osagona. Ndinawauzanso zimene ndinkaona ndi maso: wachiwiri wanga anamanga mfundo yolakwika pa chingwe cha nangula, chinthu chimene sanachitepo m'zaka zonse tagwirira ntchito limodzi, ndipo ine ndinaiwala kuyatsa nyali ya pa nangula mpaka mwana wawo atandikumbutsa. Tinagwirizana kuti tsiku lotsatiralo tikhala pa doko.

Lamulo loyamba limene ndinaika linali lakuti wina asagwire sipanala 8 koloko isanakwane. Ena angaone ngati kumeneku n'kutaya nthawi, koma munthu wosagona amagwetsera nati m'madzi, amamanga bawuti mopyola muyeso mpaka kuidula, ndipo choopsa koposa n'chakuti amayang'ana chinthu chowonongeka osachiona. Tinagona m'masikito, chifukwa pa doko pali udzudzu umene pakati pa nyanja kulibe, ndipo m'mawa tinamwa tiyi ndi chinangwa chophika tisanayambe kalikonse. Kenako ndinapita kumtunda kukadziwitsa akuluakulu oona za maulendo a pamadzi kuti tafika, tili angati, ndipo tikhala mpaka liti.

Injini

Ntchito ya injini inali yosavuta. Tinamasula kabawuti ka pansi pa kabuleta n'kukhetsera zonse zinali m'menemo m'botolo lagalasi, ndipo pasanathe mphindi ziwiri zinagawikana: petulo pamwamba, madzi pansi, mzere woonekera bwino pakati. Madzi ndi olemera kuposa petulo, motero amakhala pansi pa thanki, pamene paipi yokoka mafuta imayambira. Tinakhuthula thanki yonse m'chigubu, tinaitsuka ndi petulo woyera pang'ono, tinapopa paipi mpaka madzi onse atatuluka, tinatsuka kasefa ka mafuta, ndi kupukuta mapulagi, amene anali onyowa koma osawonongeka. Petulo watsopano tinakagula pa malo omwetsera mafuta, n'kumusakaniza ndi oilo pa muyeso wa 50 kwa 1 monga buku la injiniyo linenera. Inalira pa kukoka kwachitatu, ndipo kamtsinje ka madzi oziziritsa kankatuluka bwino, kusonyeza kuti impeller, kachipangizo kopopa madziwo, ili bwinobwino. Petulo woipa uja sitinamutayire m'nyanja. Madzi ozungulira dera lino ndi ena mwa amene ali m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984, makamaka chifukwa cha nsomba za mbuna, komanso ndi madzi omwewo amene anthu a m'mphepete amatunga. Tinamusiya m'chigubu kuti adikhe, ndipo wapamwambayo tinamupereka kwa makaniko wina kuti azitsukira zitsulo.

Pofika 10 koloko injini inali itatha, ndipo alendo anayamba kufunsa ngati tinganyamuke masana omwewo. Ndikanavomera, lipotili likanakhala la ngozi.

Waya

Popeza nthawi inalipo, ndinauza mnyamata uja kuti achite zimene timayenera kuchita m'mawa uliwonse koma tinali titazisiya masiku atatu chifukwa cha kufulumira, ndiko kupukuta waya aliyense ndi kansalu kuyambira pamene dzanja lifika mpaka pansi. Timagwiritsa ntchito nsalu osati dzanja, chifukwa kawaya koduka kamacheka ngati lezala, ndiponso nsalu imakodwa pamene diso silinaone kanthu. Pa waya waufupi wakumanzere nsaluyo inakodwa chakumunsi, pamwamba penipeni pa tepi yakuda imene inakulungidwa pamenepo kalekale pofuna kuteteza thanga kuti lisang'ambike. Titachotsa tepiyo tinapeza timawaya titatu titaduka, ndi mzere wa dzimbiri wofiirira ukutuluka m'kamwa mwa chitsulo chogwira waya.

Waya wa mtundu umenewu amapangidwa ndi timawaya 19 topotedwa pamodzi, ndipo kumapeto kwake amalowetsedwa m'chitsulo chobooka chimene chimafinyidwa ndi makina mpaka kumugwira. Timawaya titatu mwa 19 tingaoneke tochepa, koma nkhani si ya chiwerengero chokha. Timawaya timeneti tili ndi zaka zofanana ndipo tapindidwa pa malo amodzi kambirimbiri mofanana, kotero kuti titatu tikaduka, totsalato tatopa kale ndipo tsopano tikusenza katundu wochuluka kuposa poyamba. Lamulo limene amalinyero amatsatira n'lakuti kawaya kamodzi kakaduka, waya yenseyo watha ntchito. Waya waufupi wa m'mbali ndi amene amaletsa mlongoti kupindika pakati, ndipo akaduka thanga lili lodzaza mphepo, mlongoti wa aluminiyamu umathyoka nthawi yomweyo, n'kugwera m'madzi pamodzi ndi matanga ndi zingwe, kapena pa anthu.

Pano tinathandizidwa ndi bambo wina wachikulire amene anagwira ntchito yokonza sitima pa doko lomweli mpaka kupuma. Anthu otere ku Monkey Bay alipo ndithu, chifukwa tawuniyi yakhala ikukhalira ntchito za sitima kwa nthawi yaitali: sitima ya Ilala, imene inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kudzalumikizidwa kunoko, ndipo inayamba kuyenda mu 1951. Bambowo anabwera pa bwato la msodzi, anagwada pa boti, ndipo kwa nthawi yaitali sananene kanthu. Anagwira chitsulo chokungira waya n'kuyesa kuchigwedeza uku ndi uku, ndipo sichinasunthe. Kenako anapita kumanja n'kuchita chimodzimodzi, ndipo chakumanjacho chinasuntha momasuka. Atatero anandiitana n'kunena kuti, “Mwana wanga, waya uyu sanaduke dzulo. Onani apa.” Pansi pa chokungira pali kacholumikizira kamene kamayenera kusuntha mbali zonse kuti waya akagwedezeka, chitsulo chonse chizitsatira. Kakumanzereko kanali katamangidwa mothina ndi bawuti wamba m'malo mwa pini yake yeniyeni, ndipo kanauma gwa. Chifukwa cha zimenezo, nthawi iliyonse imene wayayo ankagwedezeka, kupindika konse kunkachitikira pa malo amodzi, pakamwa pa chitsulo, monga mmene munthu amathyolera waya wa mpanda pomupindapinda pamodzimodzi.

Ndikufuna kutsindika mfundo imodzi imene ndamva anzanga ambiri akuinena molakwika, ndipo inenso ndinkaikhulupirira. Timati popeza nyanja yathu ilibe mchere, mawaya athu sakalamba ngati a maboti a ku Beira kapena ku Durban. N'zoona kuti mchere umafulumizitsa dzimbiri, koma kutopa kwa chitsulo chifukwa cha kupindidwapindidwa sikufuna mchere, ndipo mafunde aafupi a mwera amagwedeza mlongoti kambiri kwambiri pa ola limodzi. Chinanso n'chakuti chitsulo chosachita dzimbiri chimadziteteza ndi kakhungu kopyapyala kamene kamapangika chikamakhudzana ndi mpweya. Mukachikulunga ndi tepi, chinyezi chimatsekeredwa m'kati, mpweya sufikako, ndipo chimayamba kudyeka pobisika pomwepo. Tepi imene inaikidwa kuti iteteze thanga ndi imene inasunga chinyezi ndiponso kubisa chilondacho. Langizo lofala n'lakuti mawaya otere azisinthidwa akatha zaka pafupifupi 10, ndipo m'buku la botili mulibe paliponse pamene palembedwa kuti anasinthidwapo chibwerere.

Njira zinalipo zingapo, ndipo tinazikambirana titakhala pansi. Wowotcherera zitsulo wina wa kumsika, amene anabwera ndi mtima wothandiza, anati angathe kuwotcherera timawaya todukato pa chitsulo chake. Ndinamuthokoza koma ndinakana, ndipo bambo okonza sitima aja anagwirizana nane: mphamvu ya waya wotere imachokera ku mmene anakokedwera pomupanga, ndipo moto umaichotsa, moti pamalo powotchererapo pamaoneka polimba pomwe m'mbali mwake mwafooka. Njira ina inali yodula pamene pawonongekapo n'kupinda waya yemweyo kuti apange diso latsopano, koma waya wa timawaya 19 ndi wouma, sapindika mozungulira pang'ono popanda kuwonongeka, komanso akanafupika. Kuitanitsa waya weniweni wofinyidwa ndi makina kukanatenga masabata, chifukwa amachokera kunja kwa dziko. Tinasankha kuchotsa waya yenseyo n'kuikapo wongoyembekezera: waya wofewa wokutidwa ndi zinki, wa mamilimita 6, wa mtundu umene amakokera katundu, womangidwa ndi makilampu mbali zonse ziwiri.

Waya wa muyeso umenewu sanapezeke m'masitolo a pa Monkey Bay tsiku limenelo. Wachiwiri wanga anakwera minibasi kupita ku Mangochi boma, ulendo wa makilomita oposa 60, atatenga chidutswa cha chingwe chimene tinadula molingana ndi kutalika kwa waya wakale, kuonjezerapo mita imodzi ya popinda. Linali Lachisanu, ndipo ndinamuuza kuti ayesetse kufika masitolo asanatsekedwe pa nthawi ya mapemphero a masana, monga zimakhalira ku Mangochi. Anafika mochedwa pang'ono ndipo anadikira mpaka atatsegulanso. Anabwerako cha m'ma 3 koloko ndi waya, makilampu 8, tizitsulo tiwiri topindika toteteza waya pa diso, ndi pini yoyenera ya kacholumikizira kaja.

Pamene tinkamudikira, tinamasula waya wakale. Tisanamasule chilichonse tinakokera chingwe chokwezera thanga kumanzere n'kuchikunga kuti chigwire mlongoti. Amene anakwera ndi mnyamata uja, chifukwa ndi wopepuka, atakhala pa kampando kansalu komangidwa ku zingwe ziwiri, china chokwezera ndi china chongomuteteza, chilichonse chili ndi munthu wake pansi. Zida zake zonse zinamangidwa ndi timikuzi ku lamba wake, ndipo aliyense anachoka pansi pa mlongoti. Ali m'mwambamo ndinamuuza kuti apukute ndi kansalu mawaya ena onse kumtunda kwake ndi kuyang'ana mapini, ndipo sanapeze china choduka. Atatsika ndinamupepesa pamaso pa onse chifukwa chosamvera zimene anandiuza dzulo lake. Sindinachite zimenezi pongofuna kumusangalatsa. Mnyamata amene wanena zoona n'kuyankhidwa za mbale, ulendo wina akamva kanthu adzakhala chete, ndipo pa boti laling'ono makutu a munthu aliyense ndi chida.

Pomanga waya watsopano pali zinthu zimene siziyenera kulakwika. Kilampu iliyonse ili ndi bawuti yopindika ngati chilembo cha U ndi kachitsulo kokhalira. Kokhalirako kamayenera kukhala pa mbali ya waya imene ikusenza katundu, ndipo bawuti yopindikayo ikhale pa mchira, chifukwa bawutiyo imaphwanya waya pamene yagwira. Tinaika makilampu atatu mbali iliyonse, onse kuyang'ana kumodzi, motalikirana pafupifupi ka 6 kunenepa kwa waya, n'kuwamanga mosinthanasinthana pang'onopang'ono. Awiri otsala tinasunga. Diso lomangidwa chonchi, ngakhale litamangidwa bwino chotani, limasenza pafupifupi magawo 80 pa 100 alionse a mphamvu ya wayayo, ndipo waya wofewa amatanuka kuposa wouma uja. Ndalemba zimenezi kuti eni boti asaganize kuti vuto latha.

Ntchito zing'onozing'ono ndi kupuma

Thanga lalikulu linali litasoloka msoko chakumbuyo, kutalika ngati mkono. Nsalu inali yolimba, koma ulusi unali utapsa ndi dzuwa moti unkaduka ndi chikhadabo. Makina a telala wa kumsika sakanatha kubowola nsalu yokhuthala chotero, ndipo mwana wa alendo uja, amene amadziwa kusoka, anausoka pamanja ndi ulusi wopaka sera, akutsatira mabowo akale kuti asafooketse nsalu ndi mabowo atsopano. Tinaumitsa zofunda ndi majekete odzitetezera pamadzi, tinapopa madzi a pansi pa boti, ndipo batire tinaisiya pa sola tsiku lonse.

Anthu nawonso anafunika kukonzedwa. Bambo a ku Blantyre aja ankamva mutu ndi chizungulire, ndipo titafufuza tinapeza kuti dzulo lake sanamwe madzi okwanira poopa kusanza. Tinawapatsa Thanzi ORS ndi kuwagoneka pamthunzi, ndipo pofika madzulo anali bwino. Matuza a m'manja mwa mnyamata tinawatsuka ndi kuwamanga. Alendo anafuna kusambira pafupi ndi gombe, koma ndinawaletsa kulowa m'madzi osaya a m'mabango, kumene kumakhala nkhono zofalitsa likodzo, ndipo ndinawalangiza kuti akabwerera kwawo akaonane ndi achipatala za mankhwala a praziquantel, poti anali atasambira kale m'malo ena. Masana tinadya nsima ya kampango kumtunda, chakudya chotentha choyamba m'masiku awiri, ndipo aliyense amene analibe ntchito anagona.

Za nyengo ndinazifunsa mbali ziwiri. Pa wailesi, nthambi yoona za nyengo inachenjeza oyenda pa nyanja kuti mwera upitirira. Asodzi a usipa amene ankakonza chilimira pa gombe anandiuza kuti masiku amenewo mphepo inkagona chakum'bandakucha n'kudzuka dzuwa likakwera, ndipo anandilangiza kuti ngati ndikufuna kudutsa pa mpata wa Domwe ndinyamuke kusanache kwenikweni, ndikusamala matchera amene amatchedwa usiku m'mbali mwa gombe la Zambo ndi Mvunguti.

Kuyesa ndi kusintha ulendo

Cha m'ma 5 koloko waya watsopano anali pamalo pake. Ndinagona chagada pansi pa mlongoti n'kuyang'ana m'mwamba motsatira mpata wolowetsa thanga, kuti ndione ngati mlongoti waongoka, ndipo tinakunga pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri mpaka kupindika kumene kunalipo chapakati kutatha. Kenako tinazula nangula n'kuyenda ndi matanga m'kati mwa doko momwemo kwa theka la ola, tikutembenuka kuti waya watsopano asenze katundu kangapo. Titabwerera tinapeza kuti nati iliyonse ya makilampu ikulola kumangidwanso, monga zimayembekezereka, chifukwa waya akakokedwa koyamba amaphwa pang'ono ndipo makilampu amamasuka. Mchira wa waya tinaupaka kadontho ka penti pafupi ndi kilampu yomaliza kuti ukatsetsereka tidzaone. Sitinakulungepo tepi.

Usiku umenewo ndinauza alendo kuti sitiwolokanso kupita ku Maleri ndi ku Senga Bay. Pakati pa Chembe ndi Maleri pali nyanja yotseguka imene mwera umaipeza bwino, ndipo sindikanawolotsa anthu pamenepo ndi waya wa makilampu kumanzere ndi waya wa zaka zosadziwika kumanja. Anakhumudwa, makamaka mwana wawo, amene ankafunitsitsa kukaona zilumbazo, ndipo ndinawauza kuti nkhani ya ndalama za masiku otsalawo ndiifikitsa kwa eni boti, zimene ndikuchita m'lipoti lino. Ndikupempha kuti abwezeredwe gawo loyenera, chifukwa chimene chinafupikitsa ulendo si nyengo koma kasamalidwe ka boti.

Kwa eni boti, pempho langa lalikulu n'lakuti mawaya onse 6 asinthidwe pamodzi, osati mmodzi yekhayo, boti lisanatengenso alendo, ndipo tsiku losinthira lilembedwe m'buku la boti. Zolumikizira zonse za pansi pa zokungira ziyang'anidwe ngati zikusuntha ndipo bawuti wamba aliyense achotsedwe. Pagulidwe fanulo yosefa madzi mu petulo, poti pa magombe ambiri mafuta opezeka ndi a m'zigubu. Ndipo ulendo uliwonse wopitirira masiku anayi m'miyezi ya mwera ukhale ndi tsiku la pa doko lolembedwa m'dongosolo kuyambira pachiyambi, alendo alidziwe asanalipire, kuti woyendetsa boti asamachite kupempha chilolezo choima.

Tinanyamuka pa Monkey Bay cha m'ma 5 koloko m'mawa wa Loweruka, injini ikulira, thanga lalikulu litachepetsedwa kamodzi ngakhale mphepo inali yochepa. Tinadutsa pa Ilala Gap nyanja ili bata, ndipo tinaponya nangula ku Chembe, moyang'anana ndi chilumba cha Thumbi West, mwera usanadzuke. Kumeneko ndinayang'ananso makilampu: kadontho ka penti kanali pamalo pake, ndipo nati imodzi yokha ndi imene inalola kumangidwa pang'ono. Masiku awiri otsalawo tinayenda m'mbali mwa Thumbi West ndi Otter Point basi, nthawi ya m'mawa yokha. Waya wakale ndamukulunga pamodzi ndi bawuti imene inaumitsa kacholumikizira kaja, ndipo ndazisiya m'bokosi la zida limodzi ndi malisiti, kuti poitanitsa mawaya atsopano muyezo wake udzatengedwe pa waya ameneyo.